Waya Wobiriwira

Merle Vandegrift anabadwa ndi maso osasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Kwa iye phwetekere wakupsa ndi wosapsa zinali chimodzimodzi mpaka alume. Pa maloboti ankangodziwa kuti nyali ya pamwamba ikayaka n'kuima, ya pansi ikayaka n'kupita, ndipo zinkamuyendera chifukwa muno mu Otter Bend, pakati pa minda ya tirigu ya ku Kansas, maloboti ali pamalo amodzi basi. Nkhaniyi ankaibisa ngati mimba ya pasukulu. Munthu wowotcherera zitsulo wodziwika chigawo chonse, woti alimi ankamudzutsira makina okololera akathyoka, akanavomera bwanji kuti sadziwa mtundu wa malaya ake omwe?

Ukaipa dziwa nyimbo. Nyimbo ya Merle inali Lavonne.

Anamufunsira ndi hutala. Masiku amenewo mnyamata aliyense wodzimva ankatola chigalimoto chakale, n'kuchivula zonse zolemera, kudula denga kuti lifupike, kenako n'kuikamo chiinjini chosayenera msinkhu wake. Imeneyo ndiye hotirodi. Ya Merle inali ndi hutala yachikalekale yolira kuti "auuu-ga!" ngati bulu wa chimfine. Loweruka lililonse ankaima pa geti ya kwa a Lavonne n'kuiliza, ndipo bambo a mtsikanayo, mkulu wa mpingo wosadziwa nthabwala, ankatulukira pakhonde akunjenjemera ndi ukali.

"Mwana wanga si ng'ombe yoti uziitana uli kumsewu! Tsika, ubwere ugogode ngati munthu!"

Merle sankatsika. Ankaopa mkuluyo, ankaopanso galu wake. Koma pomwe mkuluyo akukalipa kutsogolo, Lavonne ankakhala atatulukira kale khomo la kuseri, nsapato zili m'manja.

Za masozo Lavonne anazizindikira yekha atangokwatirana, atamutuma ulusi wofiira n'kubwera ndi wobiriwira. Sanaseke, sanauzeko ndi mayi ake omwe. Kuyambira pamenepo ankamuyalira zovala pabedi m'mawa uliwonse. Ndipo Merle akamanga galimoto mpaka kufika pa mawaya, Lavonne ankabwera m'galaja, n'kuvundikira ndowa, n'kukhalapo ndi mtolo wa mawaya pamiyendo. Merle ali chagada pansi pa galimoto ankangotambasula dzanja.

"Wa nyali zakutsogolo."

"Nawu. Wachikasu, mwini wake wa dzira uja."

Lavonne sankatchula mtundu wouma. Aliyense anali ndi chomufanizira: wofiira wa khola la a Petersen, wobiriwira wa tirigu wa mu Epulo, wotuwa wa ndevu za abusa. Anzake a Merle akabwera n'kuwapeza choncho ankangoti ndi chikondi, ena n'kumamunena kuti anadyetsedwa. Magalimoto onse amene Merle anamanga, palibe ngakhale imodzi inapsapo waya.

Matendawa anabwera mozemba. Poyamba Lavonne ankaiwala poto pamoto. Kenako anaiwala njira yochokera kutchalitchi. Tsiku lina anamupeza ataima pamsewu waukulu atavala zogonera, akuti akudikira basi ya sukulu. Mwana wawo Rhonda anachoka ku Denver kudzakambirana ndi bambo ake, ndipo pambuyo pa misozi ndi kulalatirana, Lavonne anapita ku nyumba yosungirako okalamba, kuseri kwa nkhokwe zazitali za tirigu. Rhonda anabwerera kuntchito. Amaimba foni Lamulungu.

Merle ankapitako masana aliwonse. Ankamupeza Lavonne pakhonde, pa mpando wogwedera, ndipo mkaziyo ankamulandira mwaulemu wonse.

"Mwaswera bwanji, bambo? Mukufuna ndani?"

Ulemu umenewo ndi umene unkamulasa. Mkazi amene anamutukwanapo chifukwa cha girisi pa matawulo, amene ankamuitana kuti "iwe chitsiru changa", lero akumupatsa moni ngati wogulitsa inshuwalansi. Merle ankakhala pafupi, n'kumalankhula za mvula ndi mitengo ya tirigu, mpaka nkhani zimuthere. Sankapempha kuti mkazi wake achire. Anali wamkulu, ankadziwa kuti madzi akatayika sawoleka. Chomwe ankafuna chinali chimodzi chokha: Lavonne amutchule dzina, ngakhale kamodzi.

Kunyumba kunali zii. Ankadyera chiimirire pa sinki, nyemba za m'chitini ndi buledi, chifukwa tebulo linali ndi mipando iwiri. Wailesi ankaisiya ikulankhula yokha m'chipinda chopanda munthu. Anasungulumwa mpaka anayamba kuyankha anthu olosera za nyengo. Kothawira kwake kunali m'galaja, kumene kunali galimoto yake yomaliza, kagalimoto kooneka ngati bokosi ka 1932 kamene anakavuula mumtsinje momwe alimi akale ankatayamo magalimoto kuti gombe lisagumuke. Anakasenda dzimbiri, anakawotcherera, anakapenta kwakuda, poti chakuda sichinamupusitsepo. Injini inalowa, mabuleki analowa. Hutala ija ya auuu-ga, imene anaisunga pa shelefu moyo wake wonse, anaimangirira kutsogolo. Kunatsala mawaya basi, ndipo galimotoyo inakhala choncho nyengo yonse yachisanu, ndowa ili pakona.

Chisanu chitatha anapita kwa Dwayne Kubicek, wogulitsa zipangizo za magalimoto, mnzake wa kuubwana, munthu wa pakamwa posatseka.

"Ee, akufa adzuka! Ndimayesa unakwiriridwa pansi pa chigalimoto chako chija. Ukufuna chiyani, nkhalamba iwe?"

"Nkhalamba ndi iweyo. Ndikufuna mawaya, mtolo wonse."

Dwayne anatsitsa mabokosi awiri n'kuwatsekula pa kauntala. M'bokosi lililonse munali kabokosi ka mafyuzi, ndipo kuchokera pamenepo mawaya ataliatali anatuluka ngati mizu, oti munthu angoyendetsa aliyense kumalo kwake.

"Awa ndi amakono," anatero Dwayne. "Taona. Waya aliyense analembedwa ntchito yake, kuyambira kumutu mpaka kumchira. Uyu akuti nyali. Uyu akuti hutala. Ungatseke maso, ungaledzere, sungasokoneze. Ngakhale mlamu wanga uja anakwanitsa, woti kulumikiza tochi kumamuvuta."

"Nanga awa?"

"Awa ndi achikale, okutidwa ndi nsalu yoluka. Kukongola ndiye ndi okongola, pa galimoto ngati yakoyo angakhale bwino zedi. Koma palibe cholembedwa. Pepala limangokuuza kuti wobiriwira apite uku, wabulawuni apite uko. Zonse n'za mitundu."

Merle anagwira achikalewo. Nsalu yake inali yokhakhala pang'ono m'zala, ngati chingwe cha nsapato.

"Tenga olembedwawa, Merle."

"Galimoto ya 1932 yokhala ndi mawaya olemba ngati mankhwala a kuchipatala? Anthu aziti chiyani?"

"Anthu ake ati? Tatsala angati?" Dwayne anayang'ana kukhomo ngati pali wina akumvetsera, n'kutsitsa mawu, chinthu chimene sanachitepo chibadwire. "Tamvera, mnzanga. Tayang'ana masokosi wavalawo. Ayi, usayang'ane, sizikuthandiza. Limodzi ndi lobiriwira, linalo lofiira. Chichokereni Lavonne ukuyenda ngati mtengo wa Khirisimasi. Tonse tikudziwa. Ena tinadziwa kalekale, tinkangokusiya."

Merle anamva nkhope ikutentha. Zaka zonsezo akuyenda monyang'wa ndi chinsinsi chake, kani tauni yonse inkamusungira ngati mwana wobisala kuseri kwa katani mapazi akuoneka.

"Ndiye ukuti olembedwawa ndingamange ndekha?"

"Wekhawekha! Osafuna munthu."

Dwayne ankayesa akumulimbitsa mtima. Sanadziwe kuti mawu amenewo ndi amene anagamula mlandu. Merle anayang'ana mawaya olembedwawo, aukhondo, anzeru, osasowa munthu, ndipo anadana nawo. Kudya ankadya yekha, kugona yekha, kukangana ndi wailesi yekha. Tsopano agulenso bokosi lomuuza kuti ngakhale pa mawaya Lavonne safunikanso?

"Ndimangire achikalewa."

"Mutu wakowo ndi wa chitsulo, unauwotcherera wekha. Ikapsa galimotoyo usadzandilirire."

Masana ake anafika ku nyumba ya okalamba atakolekera bokosi m'khwapa. Lavonne anamupatsa moni wa alendo uja. Merle sanalankhule za mvula. Anatulutsa mtolo wonse n'kuuika pamiyendo ya mkazi wake.

Lavonne anauyang'ana nthawi yaitali. Kenako zala zake zinayamba zokha kupatula mawaya, kuwongola opotana, kuwayala pabondo.

"Mayi," anatero Merle, "ndithandizeni. Maso angawa ndi ovuta. Uyu ndi wamtundu wanji?"

"Ameneyo? Wachikasu. Mwini wake wa dzira."

Merle anatulutsa tepi ndi cholembera m'thumba, n'kulemba, n'kumata tepiyo pa wayayo. Marisol, mtsikana wosamalira okalamba pakhondepo, anaima ndi thireyi ya mankhwala m'manja, kukamwa kuli yasa. Mwezi wonsewo Lavonne anali asanalankhulepo chiganizo chomveka mutu ndi mchira.

"Nanga uyu?"

"Wofiira. Khola la a Petersen." Anamuyang'ana mom'mvera chisoni. "Inu bambo, mulibe mkazi woti azikuonerani zimenezi?"

"Ndili naye. Watanganidwa pang'ono."

"Muuzeni asamakusiyeni nokha. Muotcha nyumba."

Merle anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba sinafune kusiya.

Ntchito yoti munthu angaimalize Loweruka limodzi, Merle anaikoka mpaka tirigu anacha. Ankafunsa waya mmodzi, akachulutsa awiri, n'kumata tepi, n'kubwerera nalo bokosi. M'mawa mwake ankayeza njira ya wayayo pa galimoto, kuboola poti adutse, kukonzeratu zomangira, kenako masana n'kunyamulanso mtolo wonse. M'galajamo munali kachipangizo koyezera magetsi koti kakanamuuza waya aliyense komwe akuchokera popanda kufunsa munthu. Kanali m'dirowa, ndipo m'dirowamo ndi momwe kanakhala. Dzina la Merle, Lavonne sanalitchulebe. Komabe masana amenewo ankakhala anthu awiri ogwira ntchito imodzi, ndipo Merle anayambanso kudyera pa tebulo.

Atatsala mawaya awiri, Lavonne anali atayamba kufooka. Ankagona kwambiri, chakudya ankachita kumudyetsa. Tsiku limenelo Merle anamuikira awiriwo m'manja. Pepala linkati wobiriwira ndi wa hutala, wabulawuni ndi wa nyali za mabuleki. Lavonne anawatembenuza, n'kuwatembenuzanso. Milomo inkagwedera koma mawu osatuluka.

"Tirigu wa mu Epulo ndi uti, mayi?"

Anakweza wa kudzanja lamanja, mokayika, akumuyang'ana m'maso ngati mwana wa sukulu wofuna kudziwa ngati wakhoza.

"Zikomo kwambiri," anatero Merle, n'kumata tepi.

Marisol anamutsatira mpaka pa masitepe.

"Bambo Vandegrift, pepani, musandione ngati wamwano. Wobiriwira ndi winayo. Amene amayi akwezawo ndi wabulawuni."

"Lavonne sanalakwitsepo mtundu."

"Ndikudziwa, bambo, koma lero…"

"Iwe unabadwa liti? Mayi amenewa anayamba kusankha mawaya mayi ako asanabadwe!"

Mtsikanayo anabwerera pakhonde. Merle anachita manyazi asanafike n'komwe pa geti, poti mwanayo ndi amene ankasambitsa mkazi wake tsiku ndi tsiku. Koma kuvomera kuti Marisol akunena zoona kunali kuvomera kuti kakhomo kotsiriza kofikira kwa mkazi wake nakonso kakutsekeka. Kunyumba anatsekula dirowa, anakayang'ana kachipangizo koyezera kaja, n'kutsekanso. Analumikiza mawaya onse monga ananenera Lavonne.

Tsiku loliza injini Dwayne anabwera ndi madonasi ndi nkhalamba zina ziwiri za m'gulu lawo lakale. Dwayne ananyamulanso chozimitsira moto n'kuchiika poonekera dala. Merle anatembenuza kiyi. Injini inatsokomola, inatsokomolanso, kenako inabangula mpaka zitini za pa shelefu zinayamba kuvina. Nyali zinayaka. Utsi wa waya panalibe.

"Mfiti iwe!" anakuwa Dwayne. "Taitulutsa tiione padzuwa!"

Merle anaibweza pang'onopang'ono kutuluka m'galaja. Atafika pamsewu anaponda buleki.

"Auuu-ga!"

Anachotsa phazi, phokoso linaleka. Anapondanso.

"Auuu-ga!"

Nkhalamba zija zinagwa nacho chikhakhali, wina mpaka kutsamwa donasi. Dwayne anathamangira kumbuyo. "Tadina batani la hutala! Ee, ndimadziwa ine! Ukadina hutala kukuyaka nyali za mabuleki! Galimoto yaulemu iyi, ikafuna kuima imayamba yapempha!"

Merle sanaseke. Anakhala atagwira chiwongolero, akuyang'ana kutsogolo. Marisol ananena zoona. Mitundu nayo inali itamuchokera Lavonne, ndipo m'bokosi munalibenso waya woti akamufunse. Anamva kusungulumwa kukumukhalira pachifuwa, kolemera kuposa kwa tsiku limene anamusiya ku nyumba ija.

Dwayne anaona nkhope ya mnzakeyo, kuseka n'kumuthera. Anaweramira pawindo.

"N'zazing'ono izi, Merle. Mawaya awiri okha. Bwera nayo, ndikusinthira pompano khofi asanazizire."

"Mawa."

"Ukupita kuti ndi galimoto yopanda nyali za mabuleki?"

"Lavonne anagwira nawo ntchito. Akaione."

Anadutsa m'tauni akulira ngati bulu pa mphambano iliyonse. Pa maloboti, auuu-ga. Pa njanji, auuu-ga. Ana ankamuloza, agalu ankamuthamangira, mayi wina pa positi ofesi anagwetsa maphukusi. Merle sanayang'ane kumbali. Sankayembekezera kanthu. Ankangofuna kuti ntchitoyo ifike kwa mwini wake, monga momwe munthu umakaperekera chenji ngakhale kwa woiwala.

Nyumba ya okalamba ili ndi kapinga kutsogolo, ndipo magalimoto amaima pafupi ndi khonde. Lavonne anali pa mpando wake, mutu uli pachifuwa, Marisol akumukonza bulangete. Merle anakhotera pa geti n'kuponda buleki.

"Auuu-ga!"

Mutu wa Lavonne unadzuka. Anagwira mkono wa Marisol ndi mphamvu imene panalibe ankadziwa kuti akadali nayo, ndipo mawu ake anamveka mpaka m'galimoto, akuthwa, achitsikana.

"Ndi Merle uyo! Mayo ine, chitsiru chimenechi, bambo achipha lero! Nsapato zanga zili kuti?"

Merle anazimitsa injini. Anatsika movutikira, bondo likukana, n'kuwoloka kapingayo mothamanga momwe nkhalamba ingathamangire, chipewa chili m'manja. Anakwera masitepe akupuma mwabefu, n'kuima patsogolo pake.

"Lavonne. Ndabwera."

Lavonne anapendeketsa mutu kuti aone kuseri kwake. Maso ake anali pa galimoto, akuwala.

"Pepani bambo, mwanditchinga. Mwamuona mnyamata wa galimoto iyo? Satsika ameneyo, amaopa galu."

Marisol anatembenukira kukhoma. Merle anaima pomwepo, chipewa akuchipotokola. Akanatha kumugwira mapewa, kumuuza kuti ndine, tandiyang'ana, ndine. Koma anaona chimwemwe chimene chinali pankhope ya mkazi wake, ndipo anadziwa kuti si cha nkhalamba ya masokosi osiyana. Anasuntha n'kuima pambali kuti asamutchinge.

"Ndamuona, mayi. Akukudikirani."

"Kamuuzeni asalizenso, bambo akwiya." Anamwetulira mobisa, n'kunong'ona. "Koma mumuuze kuti ndamva."

"Ndikamuuza."

M'mawa mwake Dwayne anafika ndi zida zake. Merle anamulola kukoka waya wina watsopano kuti nyali za kumbuyo ziziyaka akaponda buleki, poti sankafuna kuphetsa ana a eni pamsewu. Anavomeranso kaswitchi pansi pa chiwongolero kotsekera hutala m'tauni, anthu apume. Koma Dwayne atagwira waya wabulawuni uja kuti amuchotse ku hutala, Merle anamugwira dzanja.

"Ameneyo musiye. Ndi wobiriwira."

Dwayne anatsekula pakamwa, n'kutsekanso. Aka kanali koyamba.

Mpaka lero, masana dzuwa likapendeka, kagalimoto kakuda kamadutsa mwakachetechete kuseri kwa nkhokwe za tirigu. Pa geti ya nyumba ija Merle amatsekula kaswitchi n'kuponda buleki. Masiku ena Lavonne amakhala ali m'tulo, hutala n'kulirira mpando wogwedera ndi Marisol basi. Masiku ena mutu uja umadzuka, dzina lija n'kuwoloka kapinga.

Akalimva, Merle sathamangiranso kutsika. Amadziwa kuti akangoponda pa kapingapo asanduka bambo wachilendo wodzacheza, ndipo adzachezadi, mpaka nthawi ya chakudya. Choncho amayamba wakhala kaye m'galimotomo, manja ali pa chiwongolero, ngati mnyamata woopa galu, mkazi wake akumufunafuna ndi maso kuchokera pakhonde.